Luyando, Iyo Si Keke!

LOLEMBA

M'mawa. Kiyi ya shopu ili m'thumba mwanga. Kachipinda kamodzi, ku Dambwa North, pafupi ndi pomwe maminibasi amatembenukira. Kale munali ometa. Tsitsi likadali m'makona.

Loweruka bamake Luyando akutsegula bekale muno. Kuyenda ndi beseni la masikono pamutu kwatha. Ndasangalala, sindikana. Koma mtima suli m'malo. Lolemba likubwerali ine ndikuyamba ntchito yotsuka mabasi a alendo ku eyapoti, ntchito yoyamba yeniyeni chibadwire mwanayu. Ndiye Luyando azikhala muno tsiku lonse ndi amake. Amake manja ali mu ufa, maso ali pa uvuni. Mwana amuona ndani? Apongozi ali kumudzi, kutali. Womusiyira palibe.

Luyando sanakwane zaka ziwiri. Chilichonse chimene wagwira chimapita kukamwa. Zimene ndamulanda mwezi uno wokha:

- khala la pa mbaula
- sopo wochapira
- chitsekerero cha botolo
- simu ya foni yanga, manambala onse a mabwana ali momwemo
- chiwala chamoyo. Mwendo umodzi sindinaupeze.

Pulani yanga ndi yosavuta. Khoma loyera. Pansi posalala, popanda kanthu kotola. Pakona kampanda ka matabwa kofika m'chiuno mwanga, mkati mphasa, pamphasa mwana. Basi. Ndakulira m'maganyu a kupenta ndi kumanga, izi ndi za masiku ochepa.

Masana. Kwabwera mlamu wanga Mutinta, mng'ono wa bamake Luyando. Amaperekera alendo chakudya pa loji ina kumtsinje. Wabwera ndi foni. Foni imeneyo!

Akutionetsa bekale ya kunja. Khoma ngati chokoleti. Mipando ngati madonati. Kauntala ngati keke ya ukwati. Ngakhale nyali, ayisikilimu wozondoka.

"Ba mulamu, masiku ano anthu sagula keke chabe, afuna pojambulira. Penti yoyera ni ya ku kiliniki."

Ndikuti azungu safika ku Dambwa North. Palibe wamva. Ndikuti nanga mwana. Palibe wamva. Bamake Luyando agwira foniyo ndi manja awiri, maso akuwala. Zaka zonsezi sindinawaone akuyang'ana chinthu chotero, ngakhale ine tsiku la ukwati.

Luyando wanyambita foni.

Madzulo. Tagwirizana. Kutanthauza kuti iwo awiri agwirizana. Kampanda kanga ati kadzakhalapo "tikamaliza zofunika". Zofunika!

LACHIWIRI

Penti yafika. Yofiirira, yapinki, ndi ina ati kirimu. Yoyera palibe.

Ntchito yake: m'munsi mwa khoma chokoleti, m'mwamba kirimu, ndipo kirimuyo aziyenderera pansi ngati akusungunuka. Aziyenderera! Ine amene ndinaphunzira kupenta kwa bwana wondimenya ndi chipewa penti ikangodontha. Lero andiuza ndidonthetse dala. Dzanja likukana. Ndikati ndisiye dontho litsike, burashi ikulitsatira yokha n'kulifafaniza.

Mutinta ali pansi pa makwerero: "Awe ba mulamu, mwaongola maningi, mwanyanya. Ifunika ioneke monga ifuna kugwera mkamwa."

Mkamwa mwa ndani? Funso langa ndi limenelo.

Masana. Yankho lapezeka. Ndatembenuka kusuntha makwerero. Pobwerera, Luyando waima pakhoma, manja kumbuyo ngati wapolisi, lilime pa chokoleti. Mphuno yofiirira. Chibwano chofiirira. Akumwetulira!

Ndatola chitini kuti ndiwerenge. Zilembo zing'onozing'ono, Chingerezi cha madokotala. Ine sukulu ndinalekeza giredi seveni. Ndiye ndachita chimene ndingathe: ndanyambita nanenso kuti ndimve ngati ikupha. Ikumveka ngati choko chonyowa. Kupha sindikudziwa kuti kumamveka bwanji.

Liwiro ku kiliniki, mwana paphewa, chitini m'manja. Mzere. Dzuwa. Ba sista awerenga chitini, ati ndi penti ya madzi, mumwetseni madzi ambiri, akasanza mubwere naye. Kenako andiyang'ana ine, nthawi yaitali.

"Nanga imwe batate, lilime lanu lachita bwanji?"

Benchi yonse yaseka. Ine ayi.

Madzulo. Sanasanze. Ndakhala ndikumuyang'anitsitsa mpaka wandiponyera supuni. Iye akusewera. M'mimba mukulira ndi mwanga.

Bamake Luyando ati khoma latuluka bwino kuposa la mufoni. Ndithu anenera pa ine, munthu wa lilime lofiirira.

LACHITATU

Matayala. Mutinta wawapempha kwa omata matayala pamsewu wa ku eyapoti, abwera pa wilibala. Ati mipando. Ukapaka pinki pamwamba, basi donati.

Ndawatsuka mkati. Munali madzi akuda, udzudzu, ndi chule mmodzi. Chule ndamuona ine poyamba, mwamwayi.

Manje pa donati ati pafunika timadontho ta mitundumitundu tija. Adula mapatapata akale: abuluu, achikasu, obiriwira. Tizidutswa tofanana ndi kachala ka mwana. Ndayeza, kamodzi kakukwana bwinobwino m'mphuno mwa Luyando. Sindinayeze pa iye! Ndayeza ndi diso. Ndi pa mphuno yanga.

Ndikuti timange ndi waya. Ati guluu akwana. Guluu, ndi dzuwa la Livingstone lino, pansi pa malata! Pofika masana wafewa ngati phala. Tizidutswa tikusendeka ndi chikhadabo.

Luyando wapeza ntchito. Akusenda, akuponya mkamwa, ndikuchotsa ndi chala, akundiluma, akupita pa tayala lina.

Bamake Luyando: "Batate ake Luyando, mwana aliyense amadya dothi. Imwe simunadye? Si uyu mwakula?"

Ndinadya. Koma dothi silinali la pinki. Silinkaitana munthu.

Vuto lili pamenepo. Kunyumba ndikamulanda khala ndimati ichi si chakudya, ona kuda kwake. Muno ndinena chiyani? Chinthu tachipanga dala kuti chioneke ngati chakudya. Chikaoneka ngati chakudya tikuomba m'manja. Mwana akakhulupirira, tikumukalipira. Pa tonsefe muno amene ali ndi nzeru zoongoka ndi iye.

Masana. Ndatsegula sukulu. Ndikukwawa naye chipinda chonse, maondo pansi. Ndikugogoda khoma: "Simenti! Ayi!" Ndikugogoda tayala: "Simenti! Ayi!" Tayala si simenti, ndikudziwa, koma mwana sangasunge mawu ambiri. Akugogoda nayenso. Akuti "menti". Ndikuomba m'manja. Kenako akunyambita.

Bamake Chola, amene tikuwalipira lendi ya shopu, amakhala kuseri kwathuku. Aima pakhomo kundiona ndikukwawa pakati pa matayala.

"Ba penta, mwataya chani?"

Palibe, mayi. Tikuphunzira.

Madzulo. Thewera ndasintha ine, sindinafune wina aligwire. Ndafufuza ndi kamtengo. Kabuluu. Katuluka kathunthu. Ndathokoza Mulungu. Kenako ndayamba kuganiza za tachikasu.

LACHINAYI

M'mawa. Ndapeza matabwa a kampanda. Abwino, osalala, opanda zobaya. Ndawabisa kuseri kwa chitseko. Lero madzulo ndikhoma, wina afune asafune.

Koma choyamba kauntala. Ometa anasiya kakhoma ka njerwa pakati pa chipinda. Ati tikapake pulasitala kakhale keke, m'mphepete mwake maluwa. Maluwa a simenti! Bamake Luyando atulutsa kathumba kawo kofinyira maluwa pa keke, athiramo simenti yosefa, akufinya. Ndinene zoona: akutuluka maluwa enieni. Dzanja lawo limadziwa. Ndaima ndi mpeni wanga womangira ngati mlendo.

Mutinta sakukhutira. Ati simenti yada, keke siikhala yotuwa ngati msewu. Andituma ku tauni kukafuna simenti yoyera. Ndisananyamuke ndapereka malangizo: mwana asayandikire ndowa, mwana asagwire thumba la simenti, mwana akangoti zii mudziwe kuti akudya kanthu. Onse awiri ati ehe, ehe, maso ali pa maluwa.

Mu minibasi njira yonse ndikuona ndowa.

Tauni. Mahadiweya ndazungulira, uku ati yatha, uku ati mawa, uku andifunsa ngati ndikumanga manda. Ndabwerera chimanjamanja.

Ku shopu ndapeza simenti ija yayera pang'ono, ikunyezimira, kauntala yatha kale, awiriwo akuseka ngati apambana mpira. Luyando ali kumsana kwa amake, wagona. Sindinafunse kuti ayeretsa ndi chiyani. Mwana ali moyo, ndangoti zikomo.

Masana. Matabwa anga!

Kuseri kwa chitseko palibe. Ali pakhoma. Apentedwa achikasu, ajambulidwa timabokosi. Mashelefu. Ati mabisiketi.

"Ba mulamu, munasankha bwino, saizi yake yeniyeni. Mwayamba kuimvetsa nkhani iyi."

Ndatuluka. Ndaima pamthunzi. Kondakitala akuitana, "Tauni, tauni, mmodzi!" Ndatsala pang'ono kukhala mmodziyo.

Zimene zilimo muno tsopano:

- khoma losungunuka
- madonati a matayala
- keke ya simenti
- mabisiketi a matabwa anga
- mafanelo a palafini opachikidwa kudenga, ati ayisikilimu

Chimene mulibe: poika mwana.

LACHISANU

M'mawa. Simenti sinaume. Ndi kutentha konseku! Ndikaika chala chikulowa. Maluwa agwetsa nkhope. Ndipo nyerere! Mzere kuchokera pakhomo, mzere wina pawindo, wina ukutsika pa ayisikilimu. Nyerere za Dambwa yonse zabwera ku ukwati.

Mutinta akuyang'ana zala zake. Ati anathiramo shuga wosalala wa pa keke, "pang'ono chabe", kuti iyere. Paketi ndaipeza m'bini, mulibe ngakhale fumbi. Womanga wina wodutsa wasuzumira, wagwira, waseka mpaka kugwira maondo. Ati simenti ikalawa shuga siuma, dikirani mpaka Khirisimasi. Ine sindinkadziwa. Ndikanadziwira kuti? Ndani amathira shuga mu simenti?

Tikukangana choncho, Luyando wafika kale. Ndangoona chala. Chalowa m'duwa, chalowa mkamwa. Maso atseguka. Wandiyang'ana.

"Menti!"

Mosangalala. Akufunanso!

Sukulu yanga yonse yagwa. Manje mwana wanga akudziwa kuti simenti imatsekemera, ndipo atate ake ndi abodza.

Kutsuka mkamwa, kumwetsa madzi, liwiro ku kiliniki. Ba sista omwe aja. Amuunika mkamwa, ati palibe chapsa, apite. Kwa ine: "Lero mwalawa chani, batate?"

Masana. Ndapala zonse, ndataya kutali. Ndapaka simenti yeniyeni, bamake Luyando afinyanso maluwa, otuwa ngati msewu. Mawa sadzakhala atauma bwino koma adzaima. Matabwa ena nthawi yowafuna palibe. Kwatsala mawa, mkuja, basi ntchito.

Bamake Chola andikodola kuseri. Ati aona mmene ndikuvutikira. Ati ana awo onse anawaletsa kuyamwa ndi tsabola. Kupaka pang'ono, mwana alawa kamodzi, sabwereranso.

"Chamene chinagwira pa bele chingakanike pa tayala?"

Nzeru yoyamba yogwirika sabata ino. Yosachokera mufoni.

Ndasinja tsabola, ndasakaniza ndi madzi. Ndalawa. Ndawonjezera madzi. Ndalawanso. Luyando akundiyang'ana, ine ndikutsokomola. Ndapaka ndi burashi paliponse pomwe lilime lake lingafike: khoma mpaka m'chiuno mwanga, matayala onse, m'munsi mwa kauntala. Bamake Luyando ali pa uvuni, akuphika keke ya mawa. Sindinawauze. Adzathokoza pambuyo.

Madzulo. Zagwira. Wanyambita donati. Waima. Milomo yanjenjemera. Kulira kumene walira! Ndamunyamula, madzi, mkaka, ndazungulira naye panja ndikupepesa. Akuloza tayala, misozi ili mbwee: "Menti. Wawa."

Inde mwanangu, simenti imawawa. Koma wadutsa pafupi ndi khoma atabisa manja, pakamwa atatseka. Lolemba ndipita ku ntchito ndi mtima umodzi.

LOWERUKA

Kutsegula! Mabaluni. Sipika ya Mutinta. Anthu abwera, ndipo ambiri, ndisaname. Atsikana akujambulitsa pakhoma, milomo atatosa kutsogolo. Mzungu palibe ngakhale mmodzi, koma Mutinta akundiyang'ana ndi diso lakuti ndinanena.

Chimene sindinaganize: ku Dambwa kuli ana ena. Si Luyando yekha ali ndi lilime. Tisanamalize thireyi yoyamba, kagulu kakulira pakhoma la chokoleti. Amawo akufunsa kuti penti yathu ili ndi chiyani. Ine ndikuyang'ana kudenga, kwa ayisikilimu.

China chimene sindinaganize: akuluakulu amagwira zinthu, kenako amatikita m'maso. Amayi busa agwira tayala pokhala pansi, apukuta thukuta kumaso. Pemphero lotsegulira alipereka misozi ili chuchuchu. Anthu akuti amen mwamphamvu, ati lawakhudza.

Bamake Luyando anunkhiza tayala. Anunkhiza khoma. Apita kuseri, anunkhiza burashi yanga. Abwerera ku mathireyi awo. Kayendedwe kameneko ndimakadziwa.

Masana. Nthawi ya keke yeniyeni. Yapinki, yamaluwa, aivutikira dzulo lonse. Mutinta ati chidutswa choyamba adye mwana wa pakhomo, tijambule. Mafoni onse m'mwamba. Luyando ali m'manja mwa amake, diresi latsopano. Amuyandikizira mbale. Akuyang'ana. Akugogoda ndi kachala. Wakankha mbale, mokweza kuti ndi pamsewu pomwe amve:

"Menti! Wawa!"

Keke pansi.

Kondakitala wina kumbuyo: "Ngati mwana wa mwini wake akana, ise ndise bandani?"

Kuseka! Agulabe, koma aliyense akugogoda sikono asanalipire. Wina wagogodetsa sikono pa kauntala kuti amve kuti cholimba ndi chiti. Duwa lagwa.

Madzulo. Sizikuseketsanso. Wakana banzi. Wakana nthochi. Wakana phala, wakana mbatata, wakana ngakhale chitumbuwa chimene amalirira tsiku lililonse. Chilichonse akugogoda, akutembenuza nkhope. Chiyambire m'mawa, madzi okha ndi bele. Ndamuchitira ndege ndi supuni. Ndaimba. Ndavina. Pakamwa pali chitsekerero.

Bamake Luyando alankhula tsopano, motsitsa, akupukuta thireyi.

"Munafuna asamaike zinthu mkamwa. Onani, saika. Mwakhoza, batate ake Luyando. Mawa mutsuke shopu yanga."

LAMULUNGU

Kutchalitchi sindinapite. Amayi busa ndiwayang'ana bwanji?

Ndowa, sopo, chisanza. Tsabola akuchoka, koma akuchoka ndi chokoleti chomwe. Khoma tsopano likuoneka ngati keke imene wina anayamba kale kudya. Mutinta ati ndiye bwinonso.

Luyando wakhala pakhomo, m'mimba mulibe kanthu, maso alowa. Ndamupatsa banzi. Wagogoda. Wabweza. Ndakhala pansi nditagwira banzilo, mutu ukuzungulira. Ba sista ndikawauza chiyani ulendo uno? Kuti mwana amadya khoma, manje sadya buledi? Ntchito ndikayamba bwanji mwana ali ndi njala?

Osadziwa, ndaluma banzi lija ndekha. Ndikutafuna. Luyando akuyang'ana pakamwa panga. Akudikira ndilire. Sindikulira. Wadzuka, wabwera, walanda, wadya lonse kuyambira pomwe ndinaluma.

Ndakuwa mpaka bamake Chola atuluka ndi mthiko m'manja.

Tayesa. Amake aluma sikono: wakana. Mutinta waluma: wathawira kumbuyo kwanga. Ine ndaluma nthochi: wadya. Dzira: wadya. Phala, ndayamba ine supuni yoyamba, iye maso ali pankhope yanga: wamaliza mbale. Mawu anga sawakhulupiriranso. Akukhulupirira mano.

Koma mawa kukacha ndili ku eyapoti, kubwera ndi madzulo.

Ndiye ndi izi. Kampanda palibe, sikadzakhalapo. Mwana azikhala kumsana kwa amake pa chitenje, akatsika azigogoda makoma. Ine ndakhala pa donati, thireyi pamiyendo, chakudya cha Luyando cha mawa chili patsogolo panga. Chilichonse ndikuluma kamodzi, iye akuonerera, ndikuika m'kontena. Banzi. Dzira. Chitumbuwa. Bamake Luyando ati ndizilumitsa, mano azioneka bwino, mwana asaganize kuti ndi mpeni. Ati ndizichita chonchi madzulo aliwonse mpaka aiwale. Adzaiwala liti, palibe akudziwa.

Ndakhuta kale. Mbatata zikadalipo.